Kadontho ka Choko Chachikasu

Ndaphunzitsa sayansi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pasukulu pathu ndimadziwika ngati munthu wosalakwa. Mbiri imeneyi ndinkaikonda, ndisaname.

Tsiku limenelo ndinakhala kumbuyo kwa kalasi, pabenchi yogwedera, pafupi ndi woyendera sukulu, bambo wouma nkhope ngati sanasekepo chibadwire. Anabwera kudzaona ngati mphunzitsi wathu watsopano akuyenera kulembedwa ntchito yokhazikika. Mtsikanayo ndinamuphunzitsa ndine kalekale, m'chipinda chomwechi. Anali atadikira kale zaka zitatu.

Anayamba bwino. Anayala nsalu yakuda patebulo n'kuthirapo mchere wodzaza dzanja.

"Kanjere kalikonse ndi nyenyezi," anauza anawo. "Mulu wonsewu ndi mlalang'amba wathu. Milu yotereyi kumwambaku ilipo yoti simungaiwerenge."

Ana anaunjikana patebulopo, ndi aja omwe amabwera kusukulu kudzangogona. Wina ananyambita nyenyezi zingapo, kalasi yonse n'kufa nazo. Ine ndinkangoti mumtima, mwana wanga ameneyo.

Kenako anajambula mlalang'ambawo pabolodi, natenga choko chachikasu n'kuika kadontho pakati.

"Dzuwa lathu lili apa, pakatikati penipeni."

Mawu amenewo anali anga. Ndinawaphunzitsa zaka khumi zathunthu, mpaka tsiku lina ndinapeza m'buku latsopano kuti dzuwa lili kutali ndi pakati, cha kumbali ndithu. Ndinangosintha mwakachetechete, ngati mwana wobisa mbale yomwe waswa. Amene anali atadutsa kale m'manja mwanga sindinawauze kanthu.

Woyendera uja anakweza cholembera. "Mayi, zimenezo mwazitenga kuti?"

Patebulo, pambali pa mchere, panali kope lakale lokutidwa ndi nyuzipepala, lija mtsikana uja ankalembamo ali mwana. Mtsikanayo analiyang'ana, kenako anayang'ana ine kamodzi kokha.

"Ndasokoneza ndekha, bwana."

Pakamwa ndinali napo. Ndikanangoti, "Ndine ndinamusokeretsa," zikanatha. Koma ana makumi asanu aja anali atatembenuka kale kundiyang'ana, munthu wosalakwa uja. Ndinavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera.

Muofesi, bamboyo analemba kuti mayiyu sadziwa bwino phunziro lake, adikire chaka china. Anandipatsira pepalalo monga mkulu wa sayansi. Ndinasaina. Manyazi ndinali nawo, koma dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Ana ataweruka, mtsikanayo anandipeza ndili ndekha m'chipinda cha aphunzitsi. Maso anali ofiira. Ndinakonzeka kuti andilalatire, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Aphunzitsi, munkadziwa?"

"Ndinadziwa mochedwa, mwanawe."

"Liti?"

Ndinamuuza chaka chake. Anawerengera ndi zala. Kenako anaika kope lija patsogolo panga, pamodzi ndi cholembera chofiira.

"Ana anga onse ndimawaphunzitsa za m'menemu, chifukwa munalichonga ndinu. Mawa ndili nawo m'mawa. Ndisonyezeni zina zimene munasintha osatiuza."

Anakoka mpando n'kukhala, manja pachifuwa. Ndinatsegula tsamba loyamba. Ndisanafike n'komwe pamzere wachinayi, ndinali nditavundukula kale cholemberacho.