Tayala Lotentha la Kumanzere

"Lavulirani malovu pamenepo."

"Pa tayala?"

"Pachitsulo chapakatipo. Lavulani, musachite manyazi."

Abdulrazak anawerama n'kulavula. Malovuwo analira kuti tswee, n'kuuma nthawi yomweyo. A Japhet, makanika wamkulu wa galaja ya kuseri kwa msika wa Balaka, anamutengera ku tayala la kumanja kuti akachite chimodzimodzi. Kumeneko malovu anangoyenderera pansi.

"Galimoto imodzi, msewu umodzi, dzuwa limodzi," anatero a Japhet. "Nanga bwanji tayala lina likudwala malungo, linali lili bwinobwino?"

Abdulrazak analibe mtima wa ndagi tsiku limenelo. Linali Lachinayi, mwezi wa Juni, chaka cha 1987. Pijoti yake yonyamulira thonje inali itayamba kukokera kumanzere, ndipo akayenda kamtunda pang'ono pankamveka fungo la chinthu chopserera. Iye ankangofuna mapadi a buleki atsopano basi.

A Japhet anakweza galimoto pa jeke. Tayala la kumanja atalikankha linazungulira lokha. La kumanzere linafuna manja awiri. Atalichotsa anasolola mapadi n'kumuonetsa. Anali atatha mpaka pachitsulo, pamene a kumanja anali akadali onenepa.

"Mapadi si amene akudwala, Che Abudu. Chitsulo ichi chopana disiki timachitcha kalipa. M'kati mwake muli pisitoni. Mukaponda buleki imatuluka n'kukankha mapadi, mukachotsa phazi imabwerera. Yanuyi sikubwerera. Labala woitchinga anang'ambika, madzi ndi matope zinalowa, yachita dzimbiri. Ndiye kuti tayala ili mukuliyendetsa mutaliponda buleki njira yonse."

"Ndiye titani?"

"Timasule kalipa, titsuke pisitoni, tiike malabala atsopano ndi mafuta a buleki atsopano. Kenako mapadi, mbali zonse ziwiri pamodzi. Malabala ndiitanitse ku Limbe. Afika Lolemba."

Abdulrazak anakhala pansi pa tayala lakutha. Anayang'ana kuchipata, kenako analankhula motsitsa mawu. A Tcheya a chipani a kwawo ku Machinga anali atamulamula kuti Loweruka m'mawa anyamule amayi ovina kupita nawo ku msonkhano ku Balaka. Pakati pa amayiwo panali mkazi wake, Habiba.

"Tiyeni tonse kwa a Tcheya," anatero a Japhet. "Ndikawaonetse pisitoniyi ndi maso awo. Galimoto ina angathe kuipeza."

"Iyayi, bambo! Mwaiwala a Mohamedi a lole aja? Anangoti alibe dizilo. Ana awo mpaka pano akudikira kuti bambo abwera liti."

"Amenewo anakana opanda umboni. Inu umboni ndi uwu."

"Wallahi, ndikulumbira, sindingayerekeze."

"Ndiye ine galimoto iyi sindiimanga mwachinyengo. Chitsetse cha ku Machinga chija chilibe khadi la chipani, sichiopa munthu."

Abdulrazak anabwezeretsa tayala n'kuchoka. Pafupi ndi depoti, pansi pa mtengo wa mango, anapeza Goliati, amene ankakonza chilichonse kuyambira wailesi mpaka thalakitala, ndipo palibe chimene chinamukanika pakamwa.

"Madala aja amakonda kuopseza anthu," anaseka Goliati atamva zimene a Japhet ananena. "Ntchito iyi ndi ya mphindi khumi, achimwene."

Anabweza pisitoni ija ndi chitsulo chochotsera matayala. Kenako anatenga pulayala n'kufinya paipi yopititsa mafuta ku tayala la kumanzere mpaka inaphwatalala.

"Basi, latha kutentha. Buleki sifikanso kumeneko."

"Ndiye ndiziima bwanji?"

"Matayala atsala atatu. Mafuwa ndi angati? Mphika unagwapo?"

Anatulutsa bokosi lofiira lokhala ndi chithunzi cha galimoto ya mpikisano. Anati mapadi ake ndi ochokera ku Joni, olimba ngati mwala, osatha zaka zitatu. Anawaika ku tayala la kumanja lokha.

Madzulo ake Abdulrazak anadutsanso pa galaja kukatenga chipewa chimene anaiwala. A Japhet ataona bokosi lija pampando anagwira pakamwa.

"Awa ndi a magalimoto othamanga, Che Abudu. Sagwira mpaka atatentha kwambiri, ndipo amadya disiki. Galimoto ya katundu imafuna mapadi opangidwira iyoyo, ogwira kuyambira m'mawa kukuzizira, opiriranso kutentha pachitsetse. Kulimba si kugwira. Ndipo kalipa ija mwaitani? Dikirani ndione!"

Koma Abdulrazak anali atalowa kale m'galimoto.

Loweruka kunacha ndi chisanu. Amayi khumi ndi asanu ndi mmodzi anakwera kumbuyo atavala nsalu za chipani, ng'oma ziwiri zili pakati. Mayi Martina, otsogolera nyimbo, anakhala kutsogolo. Habiba anaima kuseri kwa kabini atagwira chitsulo.

Pamene msewu unayamba kutsetsereka kulowera ku Liwonde, Abdulrazak anaponda buleki. Galimoto inangopitirira ngati sanaponde. Anapondanso mwamphamvu. Kumbuyo amayi anali kuyeserera nyimbo, akuomba m'manja.

"Che Abudu, bwanji liwiro?" anafunsa Mayi Martina.

Abdulrazak anakanikiza phazi ndi thupi lonse. Mapadi aja anatentha, kenako anagwira mwadzidzidzi, tayala la kumanja lokha. Chiwongolero chinam'pokonyoka ndipo galimoto inapotokera pakati pa msewu. Ataibweza, pansi panamveka kaphokoso kuti phwaa. Paipi yofinyidwa ija inali itaphulika. Phazi lake linafika pansi popanda chokaniza.

"Mayo! Tikufa!" anakuwa Mayi Martina.

Nyimbo inasanduka kulira. Kutsogolo kunali khona, ndipo kuseri kwa khonalo kunali phompho. Abdulrazak anakankhira giya yachitatu, kenako yachiwiri, injini ikubangula. Anakoka handibuleki pang'onopang'ono uku akutchula dzina la Allah. Liwiro linatsika koma silinathe. Khona lisanafike anawongolera galimoto kukhoma la phiri n'kuikhulitsa pamenepo. Zitsulo zinalira, galasi linasweka, galimoto inagwera m'ngalande n'kupendekeka.

Ng'oma imodzi inagubuduka yokha kutsika msewu, n'kukagwera kuphompho kuja. Amayi anaiperekeza ndi maso mpaka inasowa.

Palibe anamwalira. Ambiri anasupuka ndi kutupa. Koma Habiba anali chigonere m'ngalande, mwendo wake utapindika pamene sipayenera kupindika. Sanalire. Anangomuyang'ana mwamuna wake.

"Munkadziwa?" anafunsa chapansipansi.

Abdulrazak anagwada pambali pake n'kumugwira dzanja.

Lole ya makala inatenga ovulala kupita nawo kuchipatala. Uthenga utafika ku Balaka, a Japhet anabwera ndi chingwe chokokera. Pasanapite nthawi a Tcheya nawonso anafika, anyamata achipani awiri ali pambuyo pawo.

"Munthu uyu wachita dala kuti msonkhano uwonongeke," anatero mmodzi wa anyamatawo.

"Iyayi, bwana," anatero a Japhet atagwira chipewa m'manja. Analowa pansi pa galimoto n'kutuluka ndi paipi ija. "Wochita dala sanyamula mkazi wake. Onani apa. Kalipa inamata ndi dzimbiri. M'malo moikonza, wina anaitsekera mafuta, n'kuika mapadi osayenera mbali imodzi. Zizindikiro zinalipo kale: tayala kutentha, fungo, kukokera kumbali. Galimoto ikayamba zimenezo siyenera kunyamula ngakhale nkhuku. Malabala ake ndi otsika mtengo kuposa ng'oma yagwayo. Akanangodikira Lolemba."

A Tcheya anatembenuza paipi ija kawiri. Anayang'ana phompho, anayang'ana nsalu ya chipani imene inatsalira m'ngalande ili ndi magazi. Mlongo wawo weniweni anali m'gulu la amayi aja. Kenako analankhula.

"Ku Ntaja kunali lole yongokhala. Ndikanaituma imeneyo."

Anthu amene anasonkhana pamsewu anaweramitsa mitu. Anyamata aja anayang'ana kumbali. A Tcheya anasendera pafupi ndi Abdulrazak, paipi ili m'manja.

"Iwe, bwanji sunandiuze kuti galimoto ilibe mabuleki?"