Thanki Yodzaza Pageti la Doko

Mayi woyang'anira geti la doko anasuzumira m'galimoto, anayang'ana kamuvi ka mafuta, kenako anapukusa mutu.

"Iyi sikwera sitima lero."

A Sipanala anaseka, ankayesa ndi nthabwala za anthu a dziko la eni. Akazi awo, a Nesi, sanaseke. Iwonso anali ataona kamuviko, kali njo kumapeto kwenikweni.

"Thanki isapitirire kotala, bambo," anatero mayiyo. "Ndi lamulo la m'sitima, kuopa moto. Geti timatseka folo koloko."

Apo n'kuti nthawi ili hafu pasiti thuu. Sitima ina inali yobwera pakatha masabata atatu, ndege yawo inali yonyamuka mawa m'mawa, ndipo masiku awo okhala m'dzikomo anali otha mkuja. Kuphonya sitimayi kunali kusiya galimoto pamsewu kutsidya kwa nyanja, popanda ngakhale msuweni woiyang'anira.

Ndipotu sinali galimoto wamba. A Sipanala anaigula ili chiphakasa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Anaimanga okha zaka zinayi kuseri kwa galaja yawo, bawuti ndi bawuti. Atanena kuti aikweza sitima akazungulire nayo maiko akunja, alamu awo anaseka mpaka kutsamwa, amvekere mukabwerako ndi chiwongolero chokha. Koma taonani, masabata asanu ndi awiri inayenda, m'misewu yoboola mapiri, pamilatho yoti kuyang'ana pansi chizungulire, osatsokomola ngakhale kamodzi. Inangophulika tayala limodzi basi.

Atabwerera chambuyo n'kuima kunja kwa mpanda, a Nesi anatembenuka.

"Bambo, mwathira liti mafutawa?"

"M'mawa muja, inu mukugula madzi."

"Ine sindinakuwerengereni pepala la sitima lija? Kawiri konse?"

"Munawerenga."

"Nanga?"

A Sipanala anasisita chiwongolero. "Yagwira ntchito, mayi. Ndinati isakwere sitima ndi njala."

A Nesi anafuna kulalata, koma ankawadziwa amuna awo. Zaka makumi anayi m'banja, bambowa anali asanagonekepo galimoto thanki ili pansi pa theka. Anthu onse amene anaphunzira ntchito m'manja mwawo ankadziwa lamulo limenelo. Dzanja linangochita zomwe linazolowera, mutu uli kwina.

"Tingoyenda nayo, mafuta atsike," anatero a Sipanala.

"Malita nainte? Ola limodzi ndi theka? Mukuyesa ndi ndege imeneyi?"

Bambowo ananena mawu amene a Nesi anali asanawamvepo ulendo wonsewo: "Ndalakwitsa ine."

Zida zonse anali atazitumiza kale m'bokosi, moti analibe paipi, analibe chigubu. Koma kutsidya kwa msewu kunali mzere wa malole odikira katundu, madalaivala atakhala pamthunzi. A Sipanala anapita komweko, chinenero chawo osachidziwa, n'kumaloza galimoto, kuloza thanki ya lole, kuyerekeza kumwa. Woyamba anawakaniratu ndi manja onse awiri, ankayesa ndi wogulitsa dizilo wakuba. Wachiwiri sanadzutse n'komwe mutu.

A Nesi anaona amuna awo ataima pakati pa msewu, jekete la tchalitchi lili pathupi, akukanidwa ngati wopemphetsa. Zinawapweteka. Anatsika, natenga pepala la sitima, n'kukaima pamaso pa dalaivala wina wamimba yaikulu amene ankasenda lalanje. Anamuonetsa mzere wa lamulo uja, anamukoka mkono monga ankakokera odwala okana jakisoni pantchito yawo ya unamwino, mpaka anamufikitsa pa kamuvi. Munthu uja anayang'ana pepala, anayang'ana kamuvi, ndiye anaphulika nako kuseka. Anaitana anzake mokuwa, ndipo posakhalitsa kunabwera paipi ndi zigubu zitatu.

Apa ndiye a Sipanala anabwerera mwakale. Anavula jekete n'kuwapatsira akazi awo, anapinda malaya, anagwada. Analowetsa paipi m'thanki, anaika khutu, anaikankhanso pang'ono, kenako anayamwa kamodzi kokha n'kulavula kumbali. Dizilo anayamba kutsika mwaa, osadukiza. Madalaivala aja anawomba m'manja. Wina anagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto, anadzuka akupukusa mutu, nafunsa ndi manja kuti anawotcherera ndani zitsulozi. A Nesi ndi amene anayankha. Analoza amuna awo ndi chala, chifuwa chili patsogolo, ndipo sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

Chigubu chikadzaza, wamimba uja ankathamanga nacho kukakhuthulira mu lole yake, mnzake n'kuikapo china. Chachitatu chitadzaza, a Sipanala anagogoda thanki ndi chibakera, anamvetsera, n'kunena kuti kwatsala chimodzi. Anaikapo chigubu chokhuthulidwa kale, nathiramo mpaka pakati, natulutsa paipi.

Anafika pageti kutatsala mphindi khumi. Mayi uja anasuzumiranso. Kamuvi kanali pomwe paja, njo kumapeto.

A Nesi anatembenukira kwa amuna awo.

"Bambo, musandichedwetse," anatero mayiyo. "Kumbuyo kwanu kuli anthu."

"Dikirani, mayi. Ndi nkhalamba iyi, imamva mochedwa."

A Sipanala anagogoda galasi la kamuviko kawiri ndi chala. Kamuvi kananjenjemera, kanayamba kutsika pang'onopang'ono, kanadutsa theka, kanafika pa kotala, n'kukagona pansi pake pang'ono. Mayiyo anayang'ana malaya onyowa ndi dizilo, anayang'ananso madalaivala anayi amene anawatsatira wapansi mpaka pampanda, mmodzi atanyamula chigubu m'mwamba ngati umboni. Anamwetulira, n'kudinda pepala.

Kupitirira pamenepo eni galimoto saloledwa. Kunabwera bambo wina wantchito padokopo, natambasula dzanja. A Sipanala anagwira makiyi kanthawi ndithu asanawapereke.

Anaima kuseri kwa mpanda, zikwama ziwiri zili pamapazi, akuonerera galimoto yawo ikukwera mlatho wachitsulo wolowera m'mimba mwa sitima. Pakati pa magalimoto onyezimira a eni dziko, yawo ndiyo inali yakale kuposa onse, ndipo inakwera osabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi.

"Wachedwa kusintha giya ameneyo," anatero a Sipanala.

"Musiyeni. Yakwera."

A Nesi anagwira dzanja la amuna awo, lonunkha dizilo lomwelo, anthu onse akuona, ndipo sanalisiye mpaka chitseko cha sitima chitatsekedwa.