Nkhope Zili ndi Eni Ake

Mwana wamwamuna anakankhiranso pepala lija pafupi ndi chigongono cha bambo ake. Mkuluyo sanaliyang'ane. Anapitiriza kusongola mapensulo a malemu mkazi wake ndi lumo, ngati kuti mwini wake wangotuluka kukagula sopo.

Panali patapita masiku asanu chiikireni maliro. Mayiyo anagwira ntchito yojambula zithunzi za m'mabuku a ana asukulu kwa zaka makumi atatu, ndipo chipinda chake chinali makatoni okhaokha mpaka pawindo. Tsopano kampani ina inkafuna zojambula zonsezo kuti iphunzitsire makina ake a kompyuta kujambula ngati iye.

"Ababa, n'kungosayina basi," anatero mwanayo. "Ena anazikopera kale pa intaneti osapempha. Awa ndiye aulemu, agogoda pakhomo. Tikakana, titsala tikuyang'ana kumwamba."

"Aulemu amagogoda misozi isanaume?" anatero mlongo wake, akupinda madiresi a mayi awo. "Achimwene, mwayamba kuyankhula ngati loya wawo."

"Iwe, denga likudontha apa. Ulimata ndi misoziyo?"

Bamboyo anali wosoka nsapato, munthu wozolowera kugwira timisomali ndi milomo, ndipo anthu ankati mawu ake anathera momwemo. Anaika lumo pansi.

"Ndipatse kabuku kakuda."

Mtsikanayo anakatulutsa m'dirowa. Pa tsamba lililonse mayi awo analemba tsiku, munthu amene anamujambula, ndi buku limene chithunzicho chinalowa. Pambali pake panali chidindo cha chala cha munthuyo. "Mayi wa tomato, buku la masamu, avomera." "Mlonda wa pageti, wavomera, koma chipewa chisachoke." "Mapasa a aneba, mayi awo avomera."

"Nkhope izi si za amayi ako," anatero bamboyo. "Anabwereka."

"Malamulo amati mwini chithunzi ndi wojambula, ababa. Panopa mwini ndinu."

"Anapempha za mabuku. Za makina sanapemphe."

"Ndiye mukukana?"

"Ndikafunsa."

"Anthu onsewa? Ena anasamuka, ena anatisiya kale! Kampani ikufuna yankho Lachisanu."

"Idikire."

M'mawa mwake anavala jekete, n'kuika kabuku ndi kabokosi ka inki m'thumba. Anayamba ndi mayi wa tomato, amene tsopano anali wa imvi, akugulitsabe pamalo omwe aja.

"Makinawo akandijambula ndili ndi mano onse, atenge!" anatero mayiyo, n'kuseka chikhakhali. Kenako anapukuta manja, nkhope itasintha. "Ayi, bambo. Akazi anu anakhala pa ndowa iyi masiku atatu, akundithandiza kuingitsa ntchentche. Buku litatuluka anandibweretsera langa. Makinawo andibweretsera chiyani? Lembani kuti ndakana."

Analemba. Mlonda uja anavomera, bola chipewa. Mmodzi mwa mapasa, amene tsopano anali namwino, anati afunse kaye mnzake. Wogulitsa makala sanapezeke. Mkazi wake anati sangayankhire munthu amene ali m'manda. Bamboyo anagwedeza mutu, n'kulemba zomwezo. Ankabwerera kunyumba mapazi atatupa, osadandaula.

Lachisanu, mwana wamwamuna anawerenga mayankho aja ali chiimire, kenako anatuluka panja ndi foni. Atabwerera anaponya foniyo pampando.

"Akuti zonse, apo ayi palibe. Alibe nthawi yosankhula nkhope."

"Ndiye palibe."

"Nanga denga?"

"Ndikwera ndekha."

"Kuti tiikenso maliro ena?" Mwanayo anapumira m'mwamba, n'kupinda pepala la kampani kanayi. "Ndikwera ine. Inu muzingondipatsira misomali, paja ndi chakudya chanu."

Mlongo wake anaseka koyamba chimwalirireni mayi awo. Anali akuchotsa mapepala otsala pansi pa dirowa, ndipo kuseka kuja kunadukira pakati.

"Ababa, uyu ndani?"

Chinali chithunzi cha pensulo, pepala lake litafiira ndi ukalamba: mnyamata atawerama pa benchi, nsapato ili pabondo, timisomali titatu tili pamilomo. Sichinalowepo m'buku lililonse, ngakhale kupachikidwa pakhoma.

Mtsikanayo anatsegula kabuku pa tsamba loyamba, limene bambo ake ankalidumpha masiku onsewa. Panalembedwa kuti: "Wosoka nsapato wa pakona. Wakana." Malo a chidindo anali oyera.

"Anakwatiwa nanu, n'kukuberekerani ana," anatero mwana wamwamuna, "koma osachitulutsa?"

"Ndinati ayi."

Bamboyo anachiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Kenako anatsegula kabokosi ka inki, n'kunyika chala chachikulu chokhakhala ndi ulusi, ndipo anadinda pamalo oyera paja. Pansi pake analemba ndi pensulo ya mkazi wake: "Wavomera. Pakhoma pokha."