Kambala, Rakuni wa Nuriya

Kanyamako kanabwera m'katoni ya nsapato, mwezi wa Febuluwale, Doha isanayambe kutentha. Anabwera nako ndi Hessa, mwana wamkazi womaliza wa Madam, mayi wa pakhomopo, atakagula kwa munthu wina amene anamupeza pa foni.

"Nuriya, yalla, bwera udzaone!"

Nuriya anapukuta manja n'kutuluka m'khitchini. Anali mayi wa ku Ntaja, ndipo ichi chinali chaka chake chachitatu akugwira ntchito ya m'nyumba pa banja limeneli ku Fereej Al Murra. Anasuzumira m'katonimo. Munali kanthu kotuwa ngati mwana wa mphaka, kamchira ka mizeremizere, kumaso kutadutsa lamba wakuda ngati mbala imene yadzimanga nsalu kuti isadziwike. Nuriya atatambasula dzanja, kanamugwira chala. Sikanamugwire ngati mphaka ayi. Kanali ndi tizala tisanu takuda, tofewa, ndipo kanafumbata mmene amachitira mwana wakhanda.

"Amati rakuni," anatero Hessa. "Kwawo ndi ku America."

Hessa anakajambula kwa masabata atatu, kenako anabwerera kusukulu ku Ulaya. Botolo la mkaka linatsala m'manja mwa Nuriya.

Iye ndiye anakatcha Kambala. Kankagona m'chipinda chake chaching'ono, kuseri kwa makina ochapira, ndipo kakamva njala kankalira "trrr, trrr" kakukwera chitenje chake mpaka paphewa. Ana a Nuriya awiri anali kwa amayi ake ku Ntaja, amawaona pa foni Lachisanu lokha, netiweki ikalola. M'nyumba monsemo munalibe amene ankamukhudza Nuriya. Tsono akamasita, akamakolopa, ankayankhula ndi Kambala, pena m'Chichewa pena m'Chiyao, kumuuza za mvula ya kwawo ndi za anthu amene iye sadzawaona.

Kambala anali ndi khalidwe limodzi loseketsa. Ukamupatsa mphesa kapena tende, zipatso za kanjedza, sankadya pompo. Ankapita nayo pa mbale ya madzi n'kuyamba kuitikita ndi manja onse awiri, maso akuyang'ana kwina ngati mayi amene akuchapa uku akumvetsera miseche. Ngakhale Madam ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Amene sankaseka anali a Stafford, dalaivala wa pakhomopo, bambo wachikulire wa ku Dedza. Asanabwere ku Qatar anagwirapo ntchito yoyendetsa alendo okaona nyama ku Kasungu.

"Achemwali," anatero tsiku lina akumwa tiyi pakhomo la khitchini, Kambala akuwaseweretsa zingwe za nsapato, "chinyama ichi si galu. Panopa chikukuonani ngati mayi ake chifukwa chikadali chaching'ono. Chikakhwima mudzachiiwala."

"Mwayamba, achimwene. Taonani nkhope yakeyo. Angapweteke ndani ameneyu?"

"Ine ndaonapo azungu akulera nyani, akulera fungwe. Mathero ake amakhala amodzimodzi."

Nuriya anangonyamula Kambala n'kulowa naye m'kati.

Pofika Ogasiti Kambala anali atakula kuposa mphaka wamkulu. Anaphunzira kutsegula zitseko, kenako filiji, kenako mipopi. Tsiku lina masana anatsegula mpopi wa m'bafa ya m'mwamba, madzi n'kutsika masitepe mpaka pabalaza. Tsiku lina analowa mu majilisi, chipinda cholandiriramo alendo a Baba, mwini nyumba, n'kung'amba sofa, thonje mbwee chipinda chonse. Nuriya ankathamangira kukonza zonse anthu asanaone, ndipo zimene sakanatha kubisa ankati ndi iye amene anaiwala kutseka chitseko.

Kunja sakanamutulutsa. Dzuwa la mwezi umenewo linkaotcha ngakhale chogwirira cha geti. Choncho Kambala ankakhala motsekeredwa m'chipinda cha makina ochapira, akuzungulira, akukanda chitseko kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kulira kwa "trrr" kunatha. Anayamba kubangula chapansipansi.

Lachiwiri lina Nuriya anamupeza atang'amba thumba la sopo waufa. Anawerama kuti amulande. Sanaone n'komwe mmene zinachitikira. Mano analowa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo Kambala sanasiye msanga. Anagwedeza mutu kawiri asanamutaye. Magazi anadontha pa matailosi. Patapita kanthawi Kambala yemweyo anabwera n'kuyamba kumusisita mwendo, kufuna kukwera paphewa.

Nuriya anamanga bala ndi bandeji. Kwa Madam anati wadzicheka ndi mpeni. A Stafford okha ndi amene anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Mpeni wake uli ndi mano angati?"

"Chonde, achimwene, musanene. Akamva amutaya."

"Nanga akaluma wina?"

"Ndizimutsekera. Wallah, ndikulumbira, sadzatulukanso."

A Stafford anapukusa mutu, koma sananene.

Lachisanu la sabata yomweyo, atachoka kumzikiti, ana onse a Madam anabwera kudzadya nkhomaliro ndi mabanja awo. Nuriya anali pa moto ndi mpunga wa anthu khumi ndi asanu. Anatseka chitseko cha Kambala, zimenezo amakumbukira bwino mpaka lero, koma kiyi sanapotokole chifukwa Madam ankamuitana. Dana, mdzukulu wa Madam wa zaka zitatu, anali pakhonde la m'kati atagwira keke. Anaona kanyama kokongola kakubwera, anatambasula dzanja, kenako anabweza kekeyo kuti asalandidwe.

Kukuwa kwa mwanayo Nuriya anakumva ali ndi poto m'manja. Pofika, anapeza Dana ali pansi, mkono uli magazi okhaokha, tsaya litakandidwa, Kambala ali pakona akudya keke.

Kuchipatala Dana anamusoka malo asanu ndi awiri. Adokotala anafunsa ngati nyamayo inalandirapo katemera wa chiwewe, ndipo panalibe amene anali ndi pepala lililonse. Anafunsanso ngati inalumapo munthu wina. Madam atabwerera kunyumba analowa m'khitchini osavula n'komwe nsapato, anagwira dzanja la Nuriya n'kumasula bandeji. Bala linali litatupa, zipsera za mano zikuoneka bwinobwino.

Madam sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Unadziwa," anatero motsitsa mawu. "Zaka zitatu uli m'nyumba mwanga, Nuriya. Mwana uja umamusambitsa ndi manja akowa. Ndipo unadziwa."

Nuriya anagwada pansi.

Baba anangonena liwu limodzi, "Khalas," kutanthauza kuti za Kambala zatha. M'mawa mwake Nuriya anapita kwa a Stafford akutsuka galimoto.

"Achimwene, bwanji mungokamusiya kuchipululu? Mudzanene kuti mwakapereka."

"Kuchipululu akadya chiyani? Kulibe mtengo, kulibe dontho la madzi. Pofika masana akhala atapsa mapazi. Mukufuna afe choncho?"

"Nanga malo osungira nyama?"

"Ndaimbira awiri. Akangomva kuti waluma mwana akudula foni. Komanso adokotala akufuna amuyeze chiwewe, ndipo kuti amuyeze..." Anasiyira pomwepo, n'kufinya nsanza. "Inunso jakisoni akukudikirani. Dzanja limenelo musaseweretse."

Panalibe wina amene akanatha kumulowetsa m'khola la waya, choncho anamulowetsa Nuriya, pomunyengerera ndi mphesa. Analowa yekha, mokhulupirira. M'galimoto Nuriya anakhala kumbuyo, khola lili pamiyendo. Kambala anali asanaonepo msewu chibwerereni. Anaimirira n'kugwira waya, mutu ukutembenukira uku ndi uku, kuyang'ana magalimoto, nyumba zazitali, mitengo ya kanjedza ya pakati pa msewu. Atafika pa maloboti a ku Al Nasr anatulutsa dzanja pa waya n'kuyamba kuseweretsa batani la diresi ya Nuriya.

Dokotala wa ziweto anali mayi wa ku Sudan, wotopa m'maso. Anayang'ana m'kholamo n'kupuma mozama.

"Uyu ndi wachitatu chaka chino," anatero. "Akakhala aang'ono aliyense amawafuna. Si nyama ya m'nyumba iyi, ngakhale uikonde bwanji. Siinalakwe kanthu, yangokula basi."

Anati Nuriya akhoza kudikira panja. Nuriya anakana. Anavala magolovesi achikopa amene anamupatsa, koma Kambala ataona magolovesiwo anayamba kulusa, tsono anawavula. Anamufungatira ndi thaulo pachifuwa, akumuyankhula m'Chiyao, kumuuza kuti akhale phee, palibe chimene chichitike. Jakisoni woyamba anali wogonetsa. Thupi linayamba kulemera pang'onopang'ono, mutu n'kugwera pa chigongono chake. Wachiwiri, womupha, Nuriya sanamuone n'komwe akulowa. Anangomva dokotala akuti, "Maalesh, pepani," akumutenga m'manja mwake.

Pobwerera a Stafford anaimika galimoto pa kashopu kena n'kugula tiyi wa karak makapu awiri. Nuriya anangogwira kapu yake mpaka inazizira.

"Ndikananena tsiku lija," anatero a Stafford, akuyang'ana kutsogolo. "Mwana uja sakanalumidwa. Mlandu umenewu si wanu nokha."

"Ndi wanga, achimwene. Kiyi anali m'manja mwanga."

Sanamuchotse ntchito. Koma Dana akabwera, mayi ake ankamunyamula Nuriya akangolowa m'chipinda, ndipo mwanayo, amene kale ankathamangira kukhitchini kukapempha madzi ozizira, tsopano ankabisa nkhope.

Patatha masabata awiri Hessa anaimba foni ya vidiyo. Anali pakati pa mayeso, ndipo banja linagwirizana kuti asamuuze. Madam anabwera ndi foni kukhitchini, anaitseka ndi dzanja n'kunong'ona kuti, "Umuuze kuti tinamupititsa kufamu."

"Nuriya! Mama akuti rakuni wanga ali kufamu. Unapita nawo? Kuli bwino?"

"Kuli bwino, Miss Hessa."

"Kuli mitengo?"

"Iliko yambiri. Ndi madzi omwe."

"Ndiye akusangalala eti? Sakukusowa?"

Nuriya anayang'ana Madam. Madam anayang'ana pansi.

"Akusangalala," anatero Nuriya.

Madam anatuluka ndi foni ija. Nuriya anatsala ataima pa sinki, madzi akutayika. Kenako anatseka mpopi, analowa m'chipinda chake n'kukhala pansi, msana atatsamira makina ochapira amene anali akuzungulira ndi zovala za Baba. Analira mpaka makinawo anaima, ndipo atayima anadzuka kukayanika.