Mpheta M'munda wa a Kaitano

Mpheta zinatera m'munda Esinala akuona, iye ali chiimire m'malire ngati mlendo. Mundawo unali wa bambo ake, a Kaitano, amene anawaika m'manda Lachiwiri. Mapira anali atacha, ngala zili lendee, koma a Andrea, mng'ono wa malemuwo, anali atalamula kuti munthu asapondemo mpaka mwambo wa kumeta utachitika. Ngakhale kuponya chibuma poingitsa mbalame, ati kumeneko n'kugwira ntchito ya wakufa.

Mapirawo sanali wamba. Madzi osefukira atakokolola nkhokwe kwa Mlolo, mbewu yakale yopirira madzi ndi dzuwa inangotsala mumphika umodzi umene a Kaitano anaupachika mumtengo. Aphunzitsi a sukulu yaukachenjede ku Lilongwe, pamodzi ndi anzawo a ku Ulaya, atamva anabwera kudzapangana nawo kuti mbewu yonseyo idzalidwe pamunda umodzi, osagawirako munthu, aiyese kaye kenako aichulukitse. A Kaitano anagwedeza mutu kuvomera. Tsopano mpheta zikamaliza mundawo, mbewuyo ndiye kuti yatha padziko.

Lachinayi anafika a Magdalena, mmodzi wa aphunzitsiwo, atawoloka pabwato kuchokera ku Bangula. Anagwada, napepesa maliro, misozi ikulengeza, poti mkuluyo ankamukonda ndithu. Koma m'chikwama munali sikelo. Esinala anawakokera kuseri kwa nyumba n'kuwachonderera kuti iwo, poti si a m'banjamo, akangodula ngalazo mwachangu. A Magdalena anakana mwaulemu wotopetsa. Ati malamulo a kafukufuku salola kuphwanya mwambo wa eni dera, ndiponso kudula chisawawa, osayeza mzere ndi mzere, n'kutaya ntchito yonse imene anzawo akuidikira kumsonkhano wa za kusintha kwa nyengo.

Esinala anabwerera kwa a Andrea, amene anali pamkeka kukambirana za mbuzi yodyera pa kumeta.

"Bambo, ndiloleni ndikangoima pakati pa munda ndi chitini. Sindikhudza kanthu."

"Nkhabe, mwananga, sizitheka. Ana akadzayamba kutupa miyendo mudzaloza ine."

"Nanga mphetazo zameta kale?"

Anthu anazyolika. A Andrea anangoti mwana wamkazi akaferedwa pakamwa pamathamanga, n'kupitiriza za mbuzi zija. Esinala anapsa mtima. Uyu akuopa mizimu, uyo akuopa a ku Ulaya, woopa njala panalibe. Ndipo mbalame sizidziwa maliro.

Kumeta kunachitika Lamulungu. Lumo litangochoka pamutu pake, Esinala anathamangira kumunda osamanga ndi duku lomwe, a Magdalena ali pambuyo ndi sikelo yawo. Anapeza mapesi ali njoo, ngala zili mbee, zopepuka ngati tsache lakutha. Anayenda mzere woyamba, wachiwiri, akufinya ngala iliyonse, osapeza ngakhale zodzaza chikhatho. Anakhala pansi nalira kuposa mmene analirira kumanda. A Magdalena anangobweza sikelo m'chikwama.

Pobwerera anapeza a Paison, a kutsidya kwa dambo, akumasula mtolo panjinga. Anautula pakhomo n'kuvula chipewa. Unali mtolo wa ngala za mapira omwewo, zodzaza, zofiirira.

"Pepani, amayi a sukulu," anatero akuyang'ana pansi. "Mvula isanagwe, malemuwa anandipeza pamsika. Anandithira kambewu m'thumba la malaya, n'kunena kuti ndisawauze a sukulu."

Mayi wina amene ankatsuka mbale anakhosomola, nati naye ali ndi mizere ingapo kuseri kwa khola. Winanso anavomera chimodzimodzi. Mpaka a Andrea anayamba kukanda pamutu pawo pometedwapo, maso ali kumbali.

Esinala sanadziwe kuti aseke kapena akalipe. Sabata yonse iye akudya mtima, anthu awa ali phee ndi mbewu kumakomo kwawo! Zoyeza za a Magdalena ndiye zinali zitapita ndi mbalame, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti akusowa chokanena ku Lilongwe.

Esinala anasolola ngala imodzi, naifikisa m'manja, n'kuuzira mankhusu. Kenako anatsegula thumba la chikwama cha a Magdalena, pafupi ndi sikelo paja, nathiramo njerezo.

"Musakawauze a sukulu," anatero.