Waya m'Chikoti cha Kenan

Amuna anga, a Timoteyo, anali munthu wa zibakera, sindibisa ayi. Zaka zinayi zapitazo anakangana ndi Kenan pa Chimbiya, polimbirana malo ogulitsira kachewere m'mbali mwa msewu. Anamugwetsa n'kumuponda mkono wamanzere mpaka fupa kutulukira. Mkonowo unapola mokhota ngati mpini wa khasu. Atatuluka kundende analumbira pamaso pa mphakati wathu kuti dzanja lawo silidzamenyanso munthu, ndipo bambo mfumu anawauza poyera kuti akadzangobwereza, za masakramenti aiwale.

Chaka chino a komiti anawasankha kukhala Yesu pa sewero la Njira ya Mtanda, ati chifukwa cha ndevu. Ine anandipatsa za Veronika, wopukuta nkhope uja. Kenan anadzipereka yekha kukhala msilikali. Ndinadandaula, koma mkazi wolongolola amamumvera ndani?

Kwathu kuno zikoti za asilikali timapota ndi makungwa a nthochi, n'kuziviika m'madzi a chidede kuti zizisiya mizere yofiira pamsana. Zimalira kwambiri koma sizipweteka. Lachisanu Loyera lija tinanyamuka patchalitchi masana, kamphepo kakuwomba, kukwera kaphiri ka kuseri kwa minda. Chikoti cha Kenan sichinkalira ngati zinazo, koma chikatera a Timoteyo ankapindika msana. Amayi kumbuyo ankayamikira kuti chaka chino tapeza Yesu wodziwa kusewera.

Itakwana nthawi yanga ndinatuluka ndi nsalu yoyera. Nditayandikira ndinamva fungo, ndipo chidede sichinunkha choncho. Mkanjo unali utang'ambika, msana uli mabala okhaokha, khutu lina litang'aluka m'munsi. Ndinayang'ana chikoti chija. Mkati mwa makungwa munali waya wa mabuleki a njinga.

"Bambo a Emily, ponyani mtandawu," ndinanong'ona. "Akukuphani."

"Pukutani, mayi. Anthu akudikira."

"Ndikuwatu ine."

"Mukakuwa, anyamatawa amukhadzula. Pukutani."

Ndinapukuta.

Pogwa kachiwiri sanachite kusewera. Kenan anawakwapula pakhosi, iwo n'kugwa chafufumimba, mtanda pamwamba pawo. Kenan anawerama n'kuwauza, ine ndikumva ndi makutu angawa, "Dzuka undimenye, Timoteyo. Waiwala kamenyedwe kake?" Kenako anawaponda dzanja lamanzere ndi jombo, n'kupotokola chidendene.

Dzanja lamanja la amuna anga linafumbata mwala. Ndinaona mitsempha ikutupa pamkono uja, mkono umene ndimaudziwa bwino. Kunena zoona, ndinkafuna amuswe nawo mutu. Ndinkafuna ndi mtima wonse, korona ili m'khosi. Katekisiti anali kalikiliki kuwerenga pemphero, osadziwa kanthu. Zala zija zinatambasuka chimodzichimodzi, mwala n'kugubuduka. A Timoteyo anadzuka n'kusenzanso mtanda.

Mwalawo ndinautola ine, n'kuukulunga m'nsalu ya magazi ija.

Pamwamba pa phiri anawamangirira ndi zingwe n'kuimika mtanda. Magazi anayamba kutsika ndi thabwa, kudontha pansi, ndipo nyimbo inazilala yokha. Msilikali mnzake anamulanda Kenan chikoti, n'kuusolola wayawo anthu onse akuona. Mwachangu amuna anamuzungulira. Wina anamuwomba mbama, wina anali atazula kale chikhomo cha mpanda.

Apo a Timoteyo analankhula ali pamtanda, koma osati mawu a m'sewero amene anawaloweza sabata zitatu. "Musiyeni. Mkono wakewo ndinathyola ndine. Wandimanga ndi iyeyo, abwere adzandimasule."

Anthu anapatuka monyinyirika. Anagoneka mtanda pansi, Kenan n'kugwada. Mkono wokhota uja sunkagwira chingwe, ndiye ankamasula ndi dzanja limodzi, kuthandizira ndi mano, akusisima. Chisoni sichinandigwire ngakhale pang'ono. Ndinaima kumbuyo kwake, nkhongo yake ili poyera pamaso panga, nsalu ikulemera m'manja mwanga. Ndinali nditaikweza kale kufika paphewa.

Mfundo inamasuka. Dzanja la amuna anga silinapite pabala lililonse. Linandigwira pamkono n'kutsitsa pang'onopang'ono, kenako linafunyulula nsalu ija. Anauyang'ana mwalawo, n'kuuzindikira.

"Mayi a Emily," anatero, mawu atasasa, "uwu ndautaya kale ine kumusi kuja. Musanditolere."