Makope Awiri a Masamu

Lolemba pa 16 Juni, nthawi ya 7:20 m'mawa, Elube Jimu analowa m'kalasi ya Sitandade 7 pa sukulu ina ya pafupi ndi doko la ku Chiuta, atanyamula kalata yosamukira yochokera ku Utale. Anali ndi zaka 14. Teremu yachitatu inali itatsala ndi milungu isanu kuti ithe.

Bambo ake, a Blasius Jimu, amalima thonje ku Utale. Chaka chilichonse akamaliza kukolola mu Juni amanyamula banja lonse kupita ku Chiuta kukagula matemba, kuyanika ndi kugulitsa mpaka mvula itayandikira. Chaka chatha anachita chimodzimodzi, nakamulembetsa Elube pa sukulu ina ya ku Ngokwe, ndipo mwanayo analephera mayeso otsiriza chaka. N'chifukwa chake anali kubwereza Sitandade 7. A Blasius anali atanena kale pamaso pa mayi a Elube, a Scholastica, kuti mwanayu alibe mutu wa sukulu, ndipo akalepheranso basi zathera pomwepo, azikathandiza kuyanika nsomba pa mathandala.

Mphunzitsi wa kalasiyo anali Mayi Twalibu. Pakona ya bolodi anali atalemba ndandanda ya zimene zikubwera, n'kuizunguliza ndi mzere kuti wina asafufute. Mlungu umenewo pa masamu ankaphunzira makona. Mlungu wotsatira, kuyeza kukula kwa malo. Lachisanu pa 27 kunali mpira wa miyendo ndi wa manja. Lolemba pa 30 Juni mayeso otsiriza chaka ayamba.

Masiku awiri oyambirira Elube anasangalala. Zonse zimene ankaphunzitsa anali atazichita kale mu Meyi ku Utale, moti dzanja lake silinkatsika. Koma Lachitatu pa 18 Mayi Twalibu anapereka mayeso aafupi obwereza zimene kalasi yawo inaphunzira mu Meyi. Elube anapeza 3 pa 20. Mafunso ambiri sanawayankhe n'komwe, anangowakopera n'kusiya mpata pansi pake.

Ana ataweruka, mphunzitsiyo anamuuza kuti atsale. Anatenga kope la masamu la Elube ndi la mwana wina wa m'kalasimo, nawatsegula pambali ndi pambali, akuyang'ana madeti a pamwamba pa tsamba lililonse. Sizinatenge nthawi kuti aone vuto. Mitu itatu, maperesenti, mareshiyo ndi magirafu, kalasi ya ku Chiuta inamaliza mu Meyi. M'kope la Elube munalibe ngakhale umodzi. Atamufunsa, Elube anati aphunzitsi awo a ku Utale, a Swaibu, anapachika pepala pakhoma losonyeza kuti mitu imeneyo ayamba pa 16 Juni, tsiku lomwelo limene iye analowa kuno.

Mayi Twalibu anamupatsa kakalata koitana makolo. A Blasius kunalibe, anali atawoloka ndi bwato kukagula nsomba tsidya lina. A Scholastica analandira kalatayo ali pa thandala, manja ali mamba okhaokha, nauza mlamu wawo, a Ambrose, kuti awawerengere. A Ambrose ndi mng'ono wa a Blasius, ndipo akhala pa dokolo zaka zisanu ndi ziwiri. Atawerenga anaseka.

"Alamu, musadzivutitse. Sukulu ya boma ndi imodzi, buku ndi lomwelo. Kapena ku Utale ziwiri kuphatikiza ziwiri zimakhala zisanu?"

Anawonjezera kuti aphunzitsi a masiku ano amakonda kuitana makolo ngati kuli ukwati, ndipo matemba sadikira msonkhano. A Scholastica sanapite Lachinayi. Anapita Lachisanu pa 20, ataona kuti Elube wakhala masiku awiri osadya bwino, akungotembenuza masamba a kope lake m'mbali mwa thandala.

Mayi Twalibu anawaonetsa makope awiri aja, kenako anaimbira foni a Swaibu pa nambala imene inali pa kalata yosamukira, naikweza mawu kuti mayiwo amve okha. A Swaibu anati maperesenti amaliza tsiku lomwelo. Mareshiyo ayamba Lolemba pa 23, magirafu pa 30. Mayeso awo ayamba Lachiwiri pa 8 Julayi, chifukwa Lolemba pa 7 ndi tchuthi. Anatinso Lachiwiri pa 24 adzayendera dimba la sukulu kupereka malikisi a ulimi, ndipo bedi la mpiru la Elube palibe amene akulithirira. Dzina lake anali asanalifufute m'kaundula.

Foni itadulidwa, a Scholastica anafunsa ngati madamuwo sangangomuphunzitsa mwanayo masana. Mayi Twalibu anati ayamba kale, mphindi 30 tsiku lililonse ana akaweruka, koma m'kalasi muli ana 112 ndipo asanu ndi anayi mwa iwo afika mwezi womwe uno ngati Elube, aliyense ndi mpata wakewake m'kope. Masiku a sukulu otsala mayeso a kuno asanayambe anali asanu, limodzi la mpira.

"Mitu itatu singalowe m'masiku anayi, amayi. Ku Utale mutu umodzi wapita kale. Akabwerera Lamlungu lino apeza iwiri. Mukachedwa mlungu, apeza umodzi."

Anafunsa ngati ku Utale kuli wina woti angakhale naye. A Scholastica anati kuli mng'ono wawo Luckness, ndipo nyumba yake ili pafupi ndi sukulu. Koma zimenezi sangalamule okha.

A Blasius anabwera Lamlungu pa 22 masana, ndi madengu asanu ndi limodzi a matemba aawisi ofunika kuyanika nthawi yomweyo. Anamva nkhaniyo akutsitsa katundu. Anati ulendo wa ku Utale ndi wa tsiku lathunthu, njinga yamoto mpaka pa Ngokwe, kenako magalimoto awiri kapena atatu, ndipo mwana wamkazi sangayende yekha. Amayi ake akachoka, nsomba atembenuza ndani? A Ambrose anathirirapo ndemanga kuti mwana wanzeru amakhoza paliponse, ngakhale pansi pa mtengo. A Blasius anagamula kuti Elube adzapita Loweruka pa 28, pamodzi ndi katundu woyamba wopita ku Liwonde, ngati n'kofunikadi kuti apite.

Lolemba Elube anapita ku sukulu n'kukhala pansi kumbuyo, akumvetsera za kuyeza kukula kwa malo kachiwiri chaka chimodzi. Ankangoyang'ana pakona ya bolodi. Nthawi yopuma anafunsa Mayi Twalibu ngati ku Utale ayambadi mareshiyo lero, ndipo atayankhidwa kuti inde, anafunsanso ngati ndi ovuta. Pa mphindi 30 za masana anagwira chiyambi cha maperesenti, koma atafika pa mafunso a mawu ambiri anasokonezeka, belu la aphunzitsi n'kulira.

Lachiwiri pa 24, cha m'ma 3 koloko masana, Mayi Twalibu anatsikira okha ku doko, makope awiri aja ali m'chikwama. Anapeza a Blasius ndi a Ambrose akuthira matemba ouma m'matumba, a Scholastica akutembenuza aawisi pa thandala chapafupi. A Ambrose anawalonjera kuti madamu abwera kudzagula ndiwo kapena kudzawalembetsa mayeso iwonso. Mayi Twalibu anati ndiwo agula pobwerera, napempha a Blasius kuti asambe m'manja agwire okha makopewo.

A Blasius analekezera Sitandade 5, koma madeti amawerenga. Mphunzitsiyo sanawafotokozere zambiri. Anangowauza kuti atsegule pa 12 Meyi m'makope onse awiri, kenako pa 19, kenako pa 26, aone ngati zolembedwazo zikufanana. Bamboyo anatsegula, akunyowetsa chala ndi malovu. Anabwerera pa 12 Meyi kawiri.

"Koma buku la boma si limodzi?" anafunsa.

"Buku ndi limodzi, bambo Jimu. Koma mphunzitsi aliyense amakonza yekha kuti ayamba ndi mutu uti, amaliza ndi uti. Pofika tsiku la mayeso tonse timakhala titamaliza. Amene amasamuka pakati ndi amene amagwa m'dzenje. Zina amaphunzira kawiri, zina saziona n'komwe, koma pa mayeso zimabwera zonse."

A Ambrose anati ana a pa doko pano amabwera ndi kupita chaka chilichonse, ndipo palibe anafa nazo. Mayi Twalibu anavomera kuti palibe anafa. Anati asanabwere anaona m'kaundula wa chaka chatha: ana khumi ndi mmodzi analowa Sitandade 7 mu Juni, ndipo amene anakhoza anali awiri.

A Blasius anayang'ana tsamba lopanda kanthu la kumapeto kwa kope la mwana wawo. Kenako anafunsa, osayang'ana munthu, ngati chaka chatha ku Ngokwe zinalinso choncho. Mayi Twalibu anati sangalumbire chifukwa kope la chaka chatha sanalione, koma mwana amene amakweza dzanja pa funso lililonse la zimene anaphunzitsidwa si mwana wopanda mutu.

"Iyayi, ndamva," anatero a Blasius. "Koma mawa sizitheka. Nsomba zili pa mathandalazi zikapanda kuuma mawa ziwola. Amake Elube, munyamuke naye Lachinayi."

A Scholastica anati mawa lomwelo n'kotheka ngati alamu awo angagwire thandala limodzi. A Ambrose anati msana wawo suwalola kuwerama. Zinakhala za Lachinayi.

Lachitatu Mayi Twalibu analemba kalata yobwezera Elube ku Utale, n'kuikamo pepala losonyeza zimene anamuphunzitsa masana aja ndi pamene analekezera. Anauza a Scholastica kuti chaka chamawa, ngati banja lidzasamukenso, adzayambe afunsa mphunzitsi tsiku la mayeso ndi mitu yotsala. Mwana adzatsale kwa achibale mpaka teremu ithe, adzawatsatire pa tchuthi. Ngati kusamuka n'kosapeweka, adzabweretse makope tsiku loyamba lomwelo, osati kalata yokha.

Ananyamuka Lachinayi pa 26 nthawi ya 5:30 m'mawa. Pa Ngokwe anadikira galimoto maola awiri. Elube ankafunsa nthawi kwa aliyense wokhala ndi foni, ngati kuti angapezebe phunziro la tsikulo. Anafika kwa a Luckness dzuwa litapendeka, ndipo m'mawa mwake a Scholastica anabwerera ku Chiuta.

Lachisanu pa 27 Elube anakhalanso pa malo ake akale. A Swaibu anali pa tsiku lomaliza la mareshiyo, lobwereza. Anamuuza mosabisa kuti pa ulimi anamulembera 2 pa 10, chifukwa pa 24 anapeza mpiru wake utauma ndipo sakanapereka malikisi a chinthu chimene kulibe. Maperesenti ndi mareshiyo anati azikopera kwa anzake, iwo azimuthandiza m'mawa uliwonse belu lisanalire. Magirafu anaphunzira onse, masiku asanu, ndipo pa mayeso aafupi a pa 4 Julayi anapeza 17 pa 20.

Masiku atatu a tchuthi anawathera pakhonde pa mayi ake aang'ono ndi makope obwereka. A Luckness ankati mwanayu sakhazikika, akhala pansi, aimirira, apita kukafunsa mnzake, abweranso. Lamlungu a Blasius anaimbira foni a Luckness. Sanafunse za masamu. Anafunsa ngati mwana ali ndi cholembera, nati amuuze kuti mawu awo aja oti akalepheranso sukulu yathera pomwepo sanasinthe, koma Sitandade 8 akailowa, Juni wa chaka chamawa sadzamusunthanso.

Mayeso anayamba Lachiwiri pa 8 Julayi. Masamu analemba Lachinayi pa 10. Pepalalo linali ndi mafunso atatu a maperesenti, awiri a mareshiyo ndi awiri a magirafu, kuwonjezera pa ena. Elube anauza a Luckness kuti a magirafu anayankha onse, a maperesenti anayankha limodzi, a mareshiyo anayesa limodzi koma sakudziwa ngati anakhoza.

Pa sukuluyo mwana amapita Sitandade 8 akapeza theka la malikisi a maphunziro onse ataphatikizidwa. Pofika Lachiwiri pa 15 Julayi a Swaibu anali atachonga mapepala a maphunziro anayi, awiri atatsala. Elube anawafunsa kawiri tsiku limenelo, ndipo kawiri konse anamuyankha kuti sanaphatikize. Zotsatira adzaziwerenga pa bwalo la sukulu Lachisanu pa 18, nthawi ya 9 koloko m'mawa.

Phunziro: Kalata yosamukira imanyamula dzina la mwana, sinyamula maphunziro amene anatsala. Musanamusamutse pakati pa teremu, pitani kwa mphunzitsi wake mukafunse zimene zikubwera ndi tsiku la mayeso, ndipo ngati pali wachibale womusunga, mwanayo amalize teremu pamene anayambira.